Magudumu a mano a chowombera nsalu chodzipangira nokha: mafunso ndi mayankho

Ambiri amene amadzikhomera okha chowombera nsalu savutika ndi felemu. Amadzakakamira pa gudumu la mano limene limagwira mtanda kuti ulusi usakhwefuke. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera kuchokera kwa owomba nsalu komanso akalipentala amene apatsidwa ntchitoyi koyamba.

Kodi gudumu la mano limagwira ntchito yanji?

Chowombera chimakhala ndi mitanda iwiri yozungulira. Wakumbuyo ndi umene mumakulungapo ulusi wa m'litali musanayambe kuwomba, ndipo wakutsogolo umakulunga nsalu imene yawombedwa kale. Ulusi wa pakati pa mitanda iwiriyi uyenera kukhala wokungika nthawi zonse, koma ulusi wokungika umakoka mitanda yonse iwiri kuti imasuke.

Gudumu la mano limakhomedwa kumapeto kwa mtanda. Pambali pake pamakhala kamtengo kolendewera pa bawuti, kampiringidzo, kamene kamagwera pakati pa manowo. Mukamazunguza mtanda kuti mukunge ulusi, kampiringidzo kamangodumpha dzino ndi dzino n'kumalira kuti kha kha kha. Mukangosiya, kamatsamira dzino limodzi ndipo mtanda subwereranso. Nzeru yake ndi yomwe ili mkati mwa fuliwilo ya njinga, imene imagwira mbali imodzi n'kumasuka mbali inayo.

Kodi munthu sangawombe popanda gudumuli?

Angawombe, ndipo makolo athu ankawomba. Amang'anja a m'chigwa cha Shire ankawomba nsalu ya machila pa chowombera chapansi, ulusi ataukunga pakati pa mitengo yomangiriridwa ku zikhomo zokhomedwa m'nthaka. David Livingstone atayenda m'chigwachi mu 1859 anapeza thonje likulimidwa, kupotedwa ndi kuwombedwa m'midzi. Chowombera chotere sichifuna gudumu chifukwa ulusi wonse umatambasulidwa nthawi imodzi, ndipo nsalu imatalika molingana ndi mtunda wa pakati pa zikhomozo.

Gudumu limafunika mukafuna kuwomba nsalu ya mamita 5 kapena 10 muli m'kachipinda kakang'ono. Pamenepo ulusi wambiri uyenera kudikira uli wokulunga, n'kumamasulidwa pang'onopang'ono.

Ndipange magudumu angati?

Awiri, limodzi kutsogolo, lina kumbuyo, onse kumbali imodzi ya chowombera, kumene kuli dzanja limene mumagwiritsa ntchito kwambiri. Koma poti mwayamba kale kujambula ndi kudula, dulani atatu. Lachitatulo lisungeni.

Thabwa labwino ndi liti?

Funso ili ndi limene limapulumutsa kapena kuwononga ntchito yonse, ndipo yankho lake limadabwitsa akalipentala ambiri: plywood yabwino imaposa thabwa lolimba la mlombwa kapena mbawa.

Chifukwa chake ndi mitsempha ya mtengo. Thabwa lililonse lili ndi mitsempha yoyenda mbali imodzi, ndipo limang'aluka mosavuta motsatira mitsemphayo. Mukadula gudumu m'thabwa limodzi, mano ake sakhala ofanana mphamvu. Ena mitsempha imayenda kuchoka pakati pa gudumu kukafika kunsonga kwa dzino, ndipo amenewo ndi olimba. Koma pali malo awiri, oyang'anizana, pamene mitsempha imadutsa chopingasa patsinde pa dzino. Kampiringidzo kakatsamira dzino loterolo, kamalikankha ndendende mmene nkhwangwa imawazira nkhuni. Mukadzaona dzino limene lathyoka, mudzapeza kuti silinaphwanyike ayi, langosendeka bwinobwino, pansi pake pali see, poyera ngati papalidwa. Kulimba kwa mtengowo sikuthandiza pamenepa.

Plywood ilibe vutoli chifukwa ndi timatabwa topyapyala tomatidwa mopingasana, kena uku kena uko, moti dzino lililonse lili ndi mitsempha yoyenda mbali zonse ziwiri. Pezani yochindikala mamilimita 18, kapena matani ziwiri za mamilimita 9 kapena 12. Pogula yang'anani m'mphepete mwake: timatabwato tikhale tambiri, ndipo pasakhale mabowo kapena mipata mkati. Plywood yopangidwa ku Chikangawa ndi yokwanira pa chowombera chaching'ono ndi chapakati ngati mwasankha chidutswa chopanda mipata. Amene ali ku South Africa kapena ku Britain angapeze ya mtengo wa birch, yomwe ndi yolimba kwambiri ndipo imadulika bwino. Simukufunika shiti yathunthu. Zidutswa zotsala kwa kalipentala wokhoma makabati n'zokwanira.

Blockboard, chipboard ndi MDF zisiyeni. Blockboard mkati mwake muli timitengo ta paini toyenda mbali imodzi, choncho vuto lija lilipobe. Zina ziwirizo ndi utuchi womata, mano ake amanyenyeka, ndipo zikamva chinyezi cha dzinja zimatupa.

Kwathu kuno plywood yabwino siipezeka. Nditani?

Dzipangireni yanuyanu. Tengani timatabwa titatu touma bwino ta mlombwa, mbawa kapena bulugama wokhwima, kalikonse kochindikala mamilimita 6 mpaka 8. Tipaleni ndi puleni kuti tigwirane popanda mpata. Pakani guluu woyera wa matabwa pankhope ponse, osati madontho, kenako tisanjikeni: kapakati mitsempha yake ipingase ya tiwiri takunjato. Panani ndi makilampu kapena tsinjirizani ndi zinthu zolemera kwa tsiku lathunthu musanadule.

Timatabwa tiwiri tokha tingathenso kugwira ntchito, koma timakonda kupindika nyengo ikasintha, chifukwa kena kamakoka uku kena uko. Titatu timakhala bata. Ndipo thabwa likhale louma ndithu. Lachiwisi limafota kwambiri m'lifupi kusiyana ndi m'litali, ndiye gudumu limene munadula lozungulira mu February limadzakhala lowulungika chammbali pofika October, kampiringidzo n'kumagwira mano ena bwino, ena pang'ono.

Paini ndi malaina ndi mitengo yofewa. Pa felemu ilibe vuto, pa mano ayi.

Gudumu likule bwanji?

Pa chowombera chapatebulo, masentimita 12 mpaka 15 m'mimba mwake. Pa chachikulu chopondera ndi mapazi, masentimita 18 mpaka 20.

Kukula kwa gudumu kumachepetsa katundu amene dzino limasenza. Tiyerekeze kuti ulusi wanu wonse pamodzi ukukoka ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu 30, mtanda ndi wa masentimita 5 m'mimba mwake, gudumu ndi la masentimita 15. Popeza gudumu laposa mtanda katatu, dzino likusenza gawo limodzi mwa magawo atatu, makilogalamu 10. Gudumu likanakhala la masentimita 10, dzino likanasenza makilogalamu 15. Kumbukiraninso kuti nsalu ikamakulungika mtanda umanenepa. Ukafika masentimita 9, dzino la gudumu la masentimita 15 lija likusenza makilogalamu 18. N'chifukwa chake mano a gudumu lakutsogolo amakonda kuthyoka nsalu ili pafupi kutha.

Musanadule, yesani ndi katoni kuti muone ngati gudumu silikugunda tebulo, mwendo wa felemu kapena bondo la wowomba.

Mano akhale angati?

Pa gudumu la masentimita 15, mano 24 ndi abwino. Kuzungulira kwa gudumu loterolo ndi masentimita 47, ndiye dzino lililonse limapeza pafupifupi mamilimita 20, malo okwanira kuti likhale lonenepa patsinde. Pa mtanda wa masentimita 5, dzino limodzi limasuntha ulusi pafupifupi mamilimita 6 ndi theka. Mano 16 amasuntha pafupifupi sentimita imodzi, zomwe n'zambiri pa ulusi wa thonje umene sutamuka kwenikweni. Mano 36 amasuntha mamilimita 4 ndi pang'ono, koma aliyense amakhala wa mamilimita 13 okha, ndipo pa thabwa amenewo ndi mano ofooka.

Anthu ambiri amakopeka ndi mano ang'onoang'ono ambirimbiri chifukwa ndi mmene magudumu achitsulo a m'zithunzi amaonekera. Chitsulo chimapirira zimenezo. Pa thabwa ndi bwino kukhala ndi mano ochepa onenepa, ndipo ngati mukufuna kukunga mosamalitsa onani funso la timipiringidzo tiwiri m'munsimu.

Dzino lioneke bwanji?

Dzino lili ndi mbali ziwiri zosafanana. Ina ndi khoma, pamene kampiringidzo kamatsamira. Inayo ndi chitsetse, pamene kamakwera mukamazunguza. Khoma liyenera kuloza pakati penipeni pa gudumu: mukagoneka rula pa khomalo, rulayo idutse pa bowo lapakati. Chitsetse chimachoka pansonga pa dzino limodzi kutsikira patsinde pa khoma la dzino lotsatira.

Kuya kwa khoma kukhale mamilimita 8 pa gudumu la masentimita 15. Nsonga musaisongole kuti ikhale yakuthwa, siyani kamalo kafulati ka mamilimita 2, chifukwa nsonga yakuthwa ndi imene imayamba kubenthuka.

Ngati sowo yanu ingapatuke pang'ono, ipatukire mkati, kuti tsinde la khoma lilowe pansi pa dzino pafupifupi milimita imodzi. Khoma lotere limakokera kampiringidzo pansi ulusi ukamakoka. Khoma lopendekera kunja limachita zosiyana, limakakankhira m'mwamba, ndipo tsiku lina kadzalumpha.

Ndigawe bwanji bwalo kuti mano afanane?

Kampasi ya mwana wasukulu ndi rula n'zokwanira. Jambulani papepala poyamba, osati pathabwa. Tsegulani kampasi masentimita 7.5 n'kujambula bwalo lalikulu. Pamalo omwewo jambulani lina la masentimita 6.7, limene ndi malire a tsinde la mano. Bwezerani kampasi pa 7.5, ikani nsonga yake pa mzere wa bwalo lalikulu, lembani pamene pensulo yafika pamzerewo, sunthirani nsonga pamenepo, n'kumapitiriza choncho. Mudzazungulira ndi masitepe 6 ndendende. Gawani chigawo chilichonse pakati kuti zikhale 12, gawaninso kuti zikhale 24. Ngati muli ndi choyezera madigiri, lembani pa madigiri 15 alionse, n'chimodzimodzi.

Kuchokera pa chizindikiro chilichonse kokani mzere wolunjika pakati. Kachigawo ka mzerewo kamene kali pakati pa mabwalo awiri aja ndiye khoma la dzino. Lumikizani tsinde la khoma limodzi ndi nsonga ya loyandikana nalo, mano onse mbali imodzimodzi. Mukatha, pangitsani fotokope zingapo, yesani ndi rula kuti makina sanachepetse kapena kukulitsa, n'kumata pepalalo pathabwa.

Njira ina ndi ya mano 16 kapena 32. Dulani kaye gudumu lozungulira, kulungani kalamba kapepala m'mphepete mwake n'kudula pamene nsonga zakumana. Pindani kalambako pakati, pindaninso, mpaka kanayi kuti mupeze zigawo 16 kapena kasanu kuti mupeze 32. Kulunganinso pagudumu n'kulemba pa mapindo onse.

Dzino likasiyana ndi linzake ndi milimita imodzi musadandaule. Gudumu ili sililumana ndi linzake, limangofunika kugwira kampiringidzo.

Ndiyambire pati podula, ndipo ndi zida ziti?

Yambani ndi kabowo kapakati, ka mamilimita 3 kapena 4, thabwa likadali lalikulu. Kabowo kameneka ndi kamene kadzakutsogolereni pa zonse. Kenako bowolani kabowo ka mamilimita 4 patsinde pa khoma lililonse. Ambiri amadumpha sitepe imeneyi, koma ndi yofunika: sowo imadziwa poima, ndipo ngodya yozungulira siyambitsa mng'alu msanga ngati ngodya yakuthwa. Pobowola ikani chithabwa china pansi kuti plywood isabenthuke kuseri.

Dulani bwalo lalikulu ndi jigsaw kapena kasowo kodulira zokhota, kunja pang'ono kwa mzere. Kuti likhale lozungulira bwino, lowetsani msomali pa kabowo kapakati n'kuukhomera pa chithabwa, kenako muzizunguza gudumulo likukhudza kathabwa kokutidwa ndi sandipepala kamene mwakapana pambali.

Tsopano panani gudumu m'vayisi chilili, dzino limene mukudula lili pamwamba ndipo lili pafupi ndi milomo ya vayisi kuti lisamanjenjemere. Dulani makoma onse 24 poyamba ndi sowo ya mano ang'onoang'ono. Sowo yodulira zitsulo imagwira bwino ntchitoyi. Mukatha makoma, bwererani kudula zitsetse. Kudula dzino limodzi mpaka kulimaliza musanapite pa lina kumatopetsa dzanja ndipo mano amatuluka osiyana. Salazani zitsetse ndi tupa ndi sandipepala. Makoma musawapale kwambiri, ingochotsani timinga, chifukwa tupa imakonda kupendeketsa khoma n'kulizunguza pansonga.

Ngati magudumu awiri mwawagwirizanitsa ndi timisomali tiwiri pamalo amene sipadzakhala mano, mungawadule nthawi imodzi. Fumbi la mlombwa ndi mbawa limayabwa m'mphuno, ndiye phimbani pakamwa ndi mphuno.

Gudumu ndilimangirire bwanji ku mtanda?

Guluu yekha sakwanira, ndipo sikuluu imodzi yolowa pakati pa mutu wa mtanda ndiye ayi ndithu, gudumu lidzangozungulira pa sikuluuyo.

Njira yodalirika ndi mutu wa ngodya zinayi. Mtanda ukhale wozungulira pamene ukudutsa m'bowo la felemu, koma kachigawo kotulukira kunja kasemeni kakhale ka mbali zinayi zofanana. Pa mtanda wa masentimita 5, mbali iliyonse imakhala masentimita 3.5. Pagudumu jambulani bowo lofanana nalo mozungulira kabowo kapakati kaja, bowolani mkati mwake, n'kumalizitsa ndi tchizulo, theka kuchokera mbali iyi, theka kuchokera mbali inayo. Lilowe mothina, lofuna kugogoda pang'ono. Kunja kwake bowolani mtanda n'kulowetsa kachikhomo kuti gudumu lisavuke. Ubwino wa njirayi ndi woti gudumu limachoka mosavuta mukafuna kulitembenuza kapena kulisintha.

Ngati mtanda wanu ndi paipi yachitsulo, matani ndi kukhomerera kathabwa kochindikala pankhope ya gudumu, bowolani zonse ziwiri kuti paipi ilowe, kenako pyozani kathabwako pamodzi ndi paipi n'kudutsitsa bawuti ya mamilimita 6.

Pakati pa gudumu ndi felemu siyani mpata wa mamilimita 2 kapena 3, kapena ikanipo washa wodulidwa ku chigubu chapulasitiki, kuti zisamakhulane.

Nanga kampiringidzo kapangidwe bwanji, ndipo kakhale pati?

Apa ndiye pofunika mtengo wolimba weniweni, muwanga kapena mlombwa, mitsempha yake ikuyenda m'litali. Katalike masentimita 8 mpaka 10, m'lifupi masentimita 2, ndipo kachindikale mofanana ndi gudumu. Nsonga yake isemedwe kuti ikhale bwino m'ngodya ya pakati pa khoma ndi chitsetse, ikukhudza khoma lonse kuyambira patsinde, osati kungokanda pansonga. Kumapeto kwinako bowolani bowo la bawuti ya mamilimita 6, lomasuka pang'ono.

Malo a bawutiyo ndi amene amasokoneza anthu, ndipo gudumu lodulidwa bwino limatha kuoneka lolakwika chifukwa cha iwo. Chitani chonchi. Sankhani dzino limene lili chapamwamba pa gudumu. Gonekani rula pansonga pake mopingasa ndendende mzere wochokera pakati pa gudumu, kuti rulayo ingokhudza gudumu osalowa mkati. Rulayo ikuonetsa kumene dzino likukankhira. Bawuti ya kampiringidzo ikhale pa mzere umenewo, kapena kunja kwake pang'ono, kumbali imene kulibe gudumu, mamilimita 5 mpaka 10 kuchokera pa mzerewo. Ikakhala pamenepo, mphamvu ya ulusi imakanikizira nsonga m'dzino. Ikatsikira mkati mwa mzerewo, chakumene kuli gudumu, mphamvu yomweyo imanyamula nsonga n'kuitulutsa. Zimenezi n'za kampiringidzo kokankhidwa ndi dzino. Kokhala ngati mbedza, kokoka dzino, n'kosiyana: bawuti yake iyenera kukhala mkati pang'ono mwa mzerewo.

Musabowole felemu musanayese. Khomererani kaye kampiringidzo ndi kamsomali kakang'ono, mangani chingwe pamtanda, kokani mwamphamvu, muone. Mukakhutira, bowolani. Ikani mawasha kapena kathabwa kuseri kwake kuti kayang'anizane ndi gudumu, ndipo mangani bawuti ndi manati awiri othinitsana okhaokha kuti kazilendewera momasuka osavuka.

Kampiringidzo kokhala pamwamba kamagwa kokha chifukwa cha kulemera kwake. Kakakhala pambali kapena pansi, kakokereni ku gudumu ndi kamphira kodula ku chubu cha njinga.

Mano aloze kuti? Ndikuopa kuika gudumu chagada.

Musawerengere m'mutu, yesani. Mangani chingwe kuchoka pa mtanda wakumbuyo kukafika pa wakutsogolo, chikudutsa njira imene ulusi udzadutse, n'kuchikulunga kawiri pa mtanda uliwonse. Kokerani chingwecho m'mwamba chapakati ndipo muone kumene mtanda uliwonse ukuzungulirira. Kumeneko ndi kumene gudumu liyenera kukana, ndiye makoma a mano ayang'ane kumeneko, kukakumana ndi nsonga ya kampiringidzo. Nthawi zambiri mudzapeza kuti gudumu lakutsogolo ndi lakumbuyo akuloza kosiyana. Palibe chifukwa chojambula mitundu iwiri, mumangotembenuza limodzi nkhope yake.

Kampiringidzo kakumalumpha kokha ndikamamenya ulusi ndi chipeso, chida chothinitsira ulusi wopingasa pa nsalu. Chalakwika n'chiyani?

Onani zinthu zitatu motsatana. Choyamba, malo a bawuti, monga tafotokozera m'funso la kampiringidzo. Nthawi zambiri vuto limakhala limeneli. Chachiwiri, makoma a mano, ngati apendekera kunja kapena azungulira pansonga chifukwa cha kupala. Chachitatu, nsonga ya kampiringidzo, ngati ndi yonenepa moti siifika patsinde. Pakani choko pansongayo, kanikizani, n'kuona pamene chokocho chatsalira pakhoma. Chikatsalira kumwamba kokha, semaninso nsonga.

Ena amangomangapo mphira yamphamvu kuti ikanikize. Zimagwira kwa masiku angapo, koma mano akupitiriza kudyeka pansonga, ndipo tsiku limene kampiringidzo kadzalumphe ulusi uli wokungika kwambiri mtanda udzamasuka wonse kamodzi.

Dzino limodzi ulusi ukukhala wokhwefuka, lotsatira wathina kwambiri. Ndidulenso gudumu la mano ambiri?

Ayi. Ikani kampiringidzo kachiwiri pa bawuti yomweyo kapena pa ina pafupi, kosiyana kutalika ndi koyambako ndi theka la dzino, kutanthauza pafupifupi sentimita imodzi pa gudumu lathu la mano 24. Kena kakakhala m'dzino, kanzake kamakhala pakati pa chitsetse kakudikira. Mukazunguza theka la dzino, kachiwiriko kamagwera. Mwapeza malo oimapo 48 mano akadali onenepa. Ngati tonse tiwiri tili pa bawuti imodzi, kalikonse kachindikale theka la gudumu kuti tikwane.

Kumbukiraninso kuti magudumu ndi awiri. Kumasula dzino limodzi kumbuyo n'kukunga limodzi kutsogolo nthawi zambiri kumakupatsani kukungika kwapakati, chifukwa mitanda iwiriyo siikhala yonenepa mofanana.

Gudumu lagwira bwinobwino koma ulusi ukukhwefukabe. Bwanji?

Lembani mzere wa pensulo wodutsa pa gudumu ndi pa mutu wa mtanda, wombani pang'ono, muonenso. Mzere ukaduka, gudumu likuterereka pa mtanda, ndipo yankho lili m'funso la kamangiriridwe. Mzere ukakhala momwemo, gudumu lilibe mlandu.

Ulusi ukakhwefuka pakati pokha, m'mbali uli wothina, mtanda ukupindika. Mpini wa mopu ndi woonda kwambiri pa ntchitoyi. Pa nsalu ya masentimita 60 m'lifupi mtanda ukhale wa masentimita 4 mpaka 5, pa ya mita imodzi ufike 7 kapena 8. Ulusi ukakhwefuka mwa apo ndi apo, ndiye kuti pa mtanda wakumbuyo ulusi wapamwamba ukulowerera m'kati mwa wapansi. Pokulunga muziyika pepala lolimba, monga la matumba a simenti lokuntha bwino, kapena timitengo tafulati pakati pa mizere ya ulusi, ndipo pepalalo lipitirire m'mbali mwa ulusi. Onaninso mfundo zimene munamangira ulusi kutsogolo, ndi felemu yeniyeniyo ngati siikupendekeka mukakunga.

Ndipake vanishi kapena penti?

Pankhope mungapake chilichonse chimene mukufuna, koma pa mano ayi. Vanishi ndi penti zimadzaza tsinde la dzino, kenako zimasendeka n'kugwera pansalu. Mafuta a linseed opaka pang'ono n'kupukuta ndi okwanira, koma nsanza yopukutirayo iyanikeni panja yotambasula, chifukwa ikaunjikidwa imatha kutentha n'kuyaka yokha. Pa zitsetse ndi m'mabowo amene mtanda umazunguliramo tikitani kandulo. Pa makoma musatikite kanthu, pamenepo sipafunika kuterera. Oyilo wa galimoto ndi mafuta ophikira zisayandikire chowombera, zimathimbiriritsa nsalu ndipo zimakoka fumbi.

Dzino limodzi lathyoka. Nditaye gudumu lonse?

Ngati ndi limodzi, lingakonzeke. Dulani pamalopo kampata kakuya masentimita 1.5, kotambalala mkati n'kupanikiza kukamwa, kuti chidutswa cholowamo chisasololoke. Semani chidutswa cha mtengo wolimba, mitsempha yake ikuloza pakati pa gudumu, chilowetseni kuchokera m'mbali ndi guluu, ndipo mawa lake semani dzino. Kumata dzino lothyokalo pamalo pake sikukhalitsa.

Akathyoka awiri kapena atatu, vuto ndi thabwa kapena kuchepa kwa mano. Ikani gudumu lachitatu lija, ndipo ngati nalonso ndi la thabwa lomwelo, werenganinso funso la matabwa musanadule lina. Ngati mumawomba makapeti kapena mphasa za nsanza, zimene zimafuna kukunga kwambiri ndi kumenya mwamphamvu, gudumu lichindikale masentimita 3 ndipo likule masentimita 20.

Bwanji osangogwiritsa ntchito giya ya njinga kapena sowo yozungulira yakutha?

Giya yaikulu ya njinga ena amaigwiritsa ntchito ndipo imatheka, koma mano ake ndi opendekera mbali zonse ziwiri, alibe khoma. Kampiringidzo kake kayenera kukhala kachitsulo kolowa kwambiri pakati pa mano, ndipo nthawi zambiri muyenera kukanyamula ndi dzanja pokunga. Wowotcherera zitsulo angakupangireni mbale yoti giyayo imangirirepo.

Sowo yozungulira ili ndi mano ooneka ngati oyenera, koma sindingalangize munthu aliyense kuiika pa chowombera. Ngakhale yobuntha imacheka, ili pamalo amene dzanja limapitapo kambirimbiri patsiku, ndipo pakhomo pamakhala ana.

Ngati simukufuna kudula mano n'komwe, dulani gudumu lozungulira, bowolani mabowo 16 kapena 24 m'mphepete mwake, ndi bowo limodzi m'felemu, n'kumalowetsa msomali waukulu pamene mabowo akumana. Imagwira mwamphamvu, kungoti imafuna manja awiri ndipo imachedwetsa.

Ndimasule bwanji kampiringidzo popanda kupweteka dzanja kapena kuthyola mano?

Musakasolole ulusi uli wokungika. Gwirani chogwirira cha mtanda wakutsogolo, zunguzani pang'ono ngati mukufuna kukunganso kuti dzino lisiyane ndi nsonga, nyamulani kampiringidzo, ndipo bwezani mtanda mano awiri kapena atatu mukuugwirabe. Ulusi ukakhwefuka, pitani kumbuyo, nyamulani kakumeneko, masulani ulusi wa masentimita 5 mpaka 8, n'kukagwetseranso m'dzino. Onetsetsani kuti kafika patsinde. Kenako bwererani kutsogolo n'kukunga dzino ndi dzino, mukuyesa ulusi ndi chikhatho mpaka ufanane ndi mmene unalili.

Chogwiriracho chingakhale kamtengo kodutsa m'bowo la kumutu kwa mtanda, kunja kwa gudumu. Musamazunguze pogwira mano enieniwo. Mukamasiya ntchito madzulo, masulani dzino limodzi kapena awiri kutsogolo, makamaka m'miyezi yamvula pamene thonje ndi matabwa zimamwa chinyezi usiku.